Kukhoma Tebulo Losemerapo Pakhomo: Kabuku ka Mabanja Achimalawi Okhala ku London

MAWU OYAMBA

Wosema ziboliboli ku Mua, ku Nkhata Bay kapena pamwamba pa phiri la Zomba safuna tebulo. Amakhala pamthunzi, chipika n'kuchipana ndi mapazi kapena kuchitsamiritsa patsinde, kasemasema ali m'manja. Kugunda konse kumathera m'nthaka, ndipo zibenthu zikachuluka amakasonkhezera moto.

Kuno ku London zonsezo kulibe. Miyezi yambiri panja sipakhalika chifukwa cha chisanu ndi mvumbi. Ambiri tili m'nyumba zalendi, ena m'mafulati osanjikizana, ndipo pansi pathu pagona munthu amene wangoweruka ntchito yausiku. Choncho ntchito imene kumudzi imagwiridwa ndi mapazi ndi nthaka, kuno igwiridwe ndi tebulo: kupana mtengo kuti usasunthe, kuchepetsa phokoso, ndi kumasula manja onse awiri kuti akhale kumbuyo kwa chitsulo chakuthwa.

Kabukuka kakulongosola kakhomedwe ka tebulo la mamilimita 1,200 mulitali ndi 600 mulifupi, lotheka kulimasula ndi sipanala tsiku losamuka. Ngakhale amene sanaphunzire ukalipentala akhoza kulikhoma m'masiku atatu, kuwerengera ndi nthawi yodikira guluu kuti aume.

TEBULO LABWINO LIKHALE LOTANI?

Choyamba, likhale lolemera. Tebulo lopepuka limavina mukamenya tchizulo, mphamvu yanu n'kumathera m'kugwedezekako m'malo molowa mumtengo. N'chifukwa chake tebulo lodyera kapena desiki ya ana sizithandiza, mudzangozithyola miyendo.

Chachiwiri, lifanane ndi msinkhu wanu. Wosema amawerama pantchito yake maola ambiri, ndipo tebulo lalifupi limapha msana.

Chachitatu, likhale ndi pogwirira. Ngozi zambiri za osema zimachitika pamene dzanja limodzi lagwira mtengo, lina likukankha tchizulo cholunjika dzanja lomwelo.

Kukongola sikofunika. Tebuloli lidzabowoledwa, lidzatemeka, lidzadontheredwa mafuta. Ndiyo ntchito yake.

SANKHANI MALO MUSANAGULE THABWA

Pezani malo okwana tebulolo ndi mita imodzi yoimapo kutsogolo kwake. Malo abwino ndi shedi, galaja kapena chipinda chapansi chokhala ndi simenti. Ngati muli m'fulati yam'mwamba, liikeni pakona, pafupi ndi khoma lakunja, chifukwa pakati pa chipinda ndi pamene matabwa apansi amanjenjemera kwambiri.

Kuwala kuchokere kumbali osati pamwamba pokha, chifukwa mithunzi ndiyo imaonetsa pozama ndi potukuka. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye konzekerani nyale yapadesiki yotheka kuipinda uku ndi uku.

Alendi awerenge kaye pangano lawo la nyumba. Tebulo la m'kabukuka limaima lokha, silifuna kubowola khoma. Ofuna kumanga shedi kuseri kwa nyumba adziwe kuti ku England shedi yoyandikana ndi malire mamita awiri isapitirire mamita 2.5 kutalika kwake ngati mulibe chilolezo cha khonsolo, ndipo mwayi womanga popanda chilolezowu sukhudza mafulati. Funsani alandilodi ndi akhonsolo musanayambe. Safunsa anadya phula.

KUYEZA MSINKHU WA TEBULO

Valani nsapato zimene muzisemera, imani chilili, pindani mkono, ndipo wina ayeze kuchokera pansi kufika pachigongono. Pamuyeso umenewo chotsani masentimita 10. Ngati chigongono chili pa masentimita 105, tebulo likhale la masentimita 95. Muyeso umenewu ndi umene tigwiritse ntchito m'kabukuka. Amene akufuna kumasema zipika zonenepa ndi nyundo yamtengo achotse masentimita 15 kapena 20, chifukwa chipikacho chimawonjezera msinkhu.

Pofuna kutsimikiza, yesani pakauntala yakukhitchini, imene m'nyumba zambiri za kuno imakhala pafupifupi masentimita 90. Sanjikanipo matabwa kapena mabuku mpaka mapewa atamasuka ndi msana utawongoka. Mukakayika, dulani miyendo yotalikirapo; kufupikitsa n'kosavuta, kutalikitsa ndiye ntchito.

ZOFUNIKA KUGULA

Zonsezi zimapezeka m'masitolo a zomangira monga B&Q, Wickes, Selco ndi Travis Perkins, ndipo zitsulo ku Screwfix kapena Toolstation. Mitengo yake imasinthasintha, ndiye yerekezani masitolo awiri kapena atatu.

- Matabwa 7 a paini otchedwa CLS, a mamilimita 38 × 89, otalika mamita 2.4.
- Plywood imodzi yonenepa mamilimita 18, ya 2,440 × 1,220. Pemphani kuti akudulireni zidutswa zinayi za 1,200 × 600. Zitatu ndi zapamwamba, chimodzi ndi shelefu.
- Mabawuti 16 amutu wobulungira, amene pasitolo amati coach bolt, a M10 × 130, pamodzi ndi mawashala ndi manati ake.
- Bokosi la masikuluwu a 5 × 70, bokosi la 4 × 30, ndi anayi a 5 × 100.
- Guluu wamatabwa wa PVA, lita imodzi.
- Tizitsulo 8 topindika pakona, tomangira pamwamba pa tebulo.
- Kamtengo kobulungira ka mamilimita 20, kodulapo zikhomo.
- Matumba awiri a mchenga womangira, lililonse la makilogalamu pafupifupi 25.
- Mphasa yalabala, kapena timalabala toika kunsi kwa makina ochapira.
- Kabotolo ka mafuta amatabwa, a linseed kapena a Danish.

Zida zake ndi sowo, tepi, sikweya, pensulo, dirilo ndi mano ake a mamilimita 4, 10 ndi 20, sipanala ya 17, nyundo, sandipepa ndi makalampu anayi. Osagula dirilo chifukwa cha tebulo limodzi. Bwerekani kwa abale akutchalitchi, kapena ku Library of Things, imene imabwereketsa zida pamtengo wochepa m'madera angapo a London.

Posankha matabwa musangotola apamwamba pamulu. Tukulani thabwa lililonse, tsinzinani diso limodzi, yang'anani motsata m'mphepete mwake. Lopindika, lopotoka, long'aluka kunsonga kapena lodzaza mfundo zikuluzikulu libwezeni. Matabwa obiriwira ndi omwetsedwa mankhwala, ndi apanja, m'nyumba safunika.

Kumbukirani kuti malamulo a Transport for London salola katundu wotalika kupitirira mamita awiri m'basi kapena m'sitima zapansi panthaka. Thabwa la mamita 2.4 silikwera. Lidulitseni pasitolo pomwepo motsata miyeso ili m'munsiyi, kapena lipirani kuti akubweretsereni pakhomo.

Matabwa akafika, musathamangire kukhoma. Ochokera kusitolo amakhala ndi chinyezi chochuluka kuposa mpweya wa m'nyumba yoyatsa hita, ndipo akauma amanyala. Agonekeni pansi mosanjikiza, timitengo pakati pake kuti mpweya uzidutsa, kutali ndi hita, kwa sabata imodzi kapena ziwiri.

MATABWA AKALE NDI MAPALETI

Amene thumba lawo ndi lopepuka akhoza kugwiritsa ntchito matabwa akale. Matabwa oyendapo amisiri pomanga nyumba zosanja, a mamilimita 225 × 38, amapanga pamwamba pabwino mukalumikiza atatu, koma amakhala ndi simenti ndi mchenga zimene zimabunthitsa sowo, ndiye apaleni kaye ndi burashi yawaya. Chitseko chakale cholemera, chosakhala ndi mphako mkati, nachonso chimathandiza.

Pa mapaleti yang'anani chidindo. Lolembedwa HT linangowambidwa ndi kutentha, ndi labwino. Lolembedwa MB linafukizidwa mankhwala a methyl bromide, lisiyeni. Mapaleti opakidwa buluu kapena ofiira ali ndi eni ake, makampani obwereketsa. Ngakhale chinthu chili m'chibini chachikulu cha zinyalala za omanga, pemphani kaye mwini wake musanatenge.

KAKHOMEDWE KAKE

1. Dulani zidutswa. Miyendo ifuna zidutswa 8 za mamilimita 896, kutanthauza msinkhu wa tebulo kuchotsapo 54 wa pamwamba pake. Thabwa lililonse litulutsa ziwiri, ndipo chotsalacho mudulepo chopingasa chachifupi cha 450. Matabwa awiri atulutse zopingasa zazitali zinayi za 1,050. Lachisanu ndi chiwiri mudulepo chachifupi china cha 450 chapakati, chotsala musunge. Jambulani mzere ndi sikweya mbali zonse musanadule, ndipo lembani chilembo pachidutswa chilichonse kuti zisasokonezeke.

2. Pangani miyendo. Pakani guluu pankhope yaikulu ya chidutswa chimodzi, sanjikani chinzake, panani ndi makalampu, n'kumanga ndi masikuluwu anayi a 5 × 70. Masikuluwu asakhale pamene padzadutse mabawuti: siyani mamilimita 100 kumtunda, ndiponso pakati pa 180 ndi 290 kuchokera pansi. Pukutani guluu wotuluka ndi kansalu konyowa. Guluu wa PVA sagwira bwino pozizira, choncho m'nyengo yachisanu matirani m'chipinda chofunda kuposa madigiri 10, osati m'shedi. Zigone usiku wonse.

3. Lumikizani miyendo iwiriiwiri. Mwendo uliwonse uli ndi mbali ziwiri zosalala za 89 ndi mbali ziwiri za 76 zooneka mzere wa guluu. Zopingasa zazifupi zimangidwe pambali yooneka mzereyo, nsonga zake zitalingana ndi kunja kwa miyendo. Chapamwamba chilingane ndi mitu ya miyendo, chapansi chiyambire mamilimita 100 kuchokera pansi. Pakani guluu, bowolani kaye ndi dzino la 4 kuti thabwa lisang'aluke, n'kumanga masikuluwu atatu a 5 × 70 pamfundo iliyonse. Guluu asanaume, yezani ndi tepi kuchokera pakona kukafika pakona yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikafanana, felemu ili sikweya. Ikasiyana, kankhani kona yotalikayo mpaka ifanane.

4. Mangani zopingasa zazitali. Imikani mafelemu awiri aja, zopingasa zazifupi zitayang'anizana mkati. Apa pafunika munthu wogwirizira. Panani zazitali ndi makalampu kutsogolo ndi kumbuyo kwa miyendo: zapamwamba zilingane ndi mitu ya miyendo, zapansi ziyambire mamilimita 190 kuchokera pansi. Pamfundo iliyonse bowolani mabowo awiri a mamilimita 10, pamtunda wa 40 kuchokera kunsonga ya thabwa, lina cha kumtunda lina cha kunsi. Khomani bawuti ndi nyundo kuchokera kunja mpaka khosi lake lamakona litalowa m'thabwa, ikani washala ndi nati mkati, mangani. Apa musapake guluu, chifukwa mfundo zimenezi ndi zimene mudzamasule posamuka. Masitepe a nyumba zambiri za kuno ndi opapatiza, tebulo lathunthu silingakhote nawo.

5. Ikani chopingasa chapakati pakati pa zazitali zapamwamba, ndi masikuluwu a 5 × 100, awiri mbali iliyonse.

6. Matani pamwamba. Gonekani chidutswa cha plywood chosalala koposa chafufumimba pamalo athyathyathya. Thirani guluu, mwazani paliponse ndi khadi lakale lapulasitiki, sanjikani chachiwiri, mangani masikuluwu a 4 × 30 motalikirana masentimita 20, kuyambira pakati kupita kunja. Tsindirani ndi matumba amchenga aja. M'mawa mwake zulani masikuluwu onse, matani chachitatu chimodzimodzi, ndipo chikauma zulaninso. Musasiye chitsulo chilichonse mkati, kuti dirilo kapena tchizulo zisadzakumane nacho.

7. Kwezani pamwamba pafelemu. Zidutswa zitatuzo zikamatana zimalemera kupitirira makilogalamu 20. Mutu umodzi susenza denga, itanani wina. Kumbuyo kulingane ndi chopingasa, kutsogolo kutulukire mamilimita pafupifupi 74, ndipo m'mbali 75 uku ndi uku. Mlomo wotulukirawu ndi pogwira makalampu. Mangani kuchokera kunsi ndi tizitsulo tapakona tija ndi masikuluwu a 4 × 30.

8. Ikani shelefu. Dulani chidutswa chachinayi cha plywood kuti chikhale 870 × 526, chigone pa zopingasa zazitali zapansi pakati pa miyendo. Chotsala chachikulu, cha pafupifupi 330 × 600, chimangeni choimirira kumbuyo kwa tebulo, chigwire chopingasa chapamwamba ndi chapansi. Kachidutswa kameneka ndi kamene kamaletsa tebulo kupendekera uku ndi uku. Kenako sanjikani matumba amchenga pashelefu, atakulungidwa m'mapulasitiki olimba kuti mchenga usamwazike.

9. Bowolani mabowo a zikhomo ndi dzino la 20. Yambani ndi mizere itatu, pa mamilimita 180, 330 ndi 480 kuchokera kutsogolo, mabowo asanu pamzere uliwonse: pa 250, 400, 550, 700 ndi 850 kuchokera kumanzere. Suzumirani kunsi musanabowole kuti musagunde chopingasa kapena chitsulo. Imikani sikweya pafupi ndi dirilo kuti bowo liwongoke, ndipo panani kathabwa kunsi kuti plywood isanyotsoke potulukira. Mabowo ena mudzawonjezera ntchito ikadzawafuna.

10. Kwechani m'mphepete ndi makona ndi sandipepa, n'kupaka mafuta kamodzi kapena kawiri. Vanishi yonyezimira ayi, imatereretsa mtengo.

Mukatha, yalani labala kunsi kwa miyendo, gwirani tebulo ndi manja awiri, ligwedezeni mwamphamvu. Likatsimphina, pezani mwendo umene sukufika pansi n'kuupatsa kamphanje. Likapendekera m'mbali, mangitsani manati.

NJIRA ZOPANIRA MTENGO

Zikhomo ndi mphanje. Iyi ndiyo njira yotsika mtengo koposa. Dulani zikhomo zotalika masentimita 8, zimangeni kalabala kapena kachingwe cha kumutu kuti zisagwere kunsi. Tsamiritsani mtengo pa zikhomo ziwiri, ikani chachitatu mbali inayo, ndipo mpata wotsala mukhomemo mphanje ziwiri zoyang'anizana. Njirayi imagwira bwino thabwa la bawo kapena chithunzi chosema pathabwa.

Chingwe ndi phazi. Pisani chingwe cholimba kapena lamba m'mabowo awiri, chizungulire mtengo pamwamba, kunsi chilendewere ngati goli pafupi ndi pansi kutsogolo kwa shelefu. Pisanimo kathabwa n'kupondapo. Mukaponda mtengo wagwidwa, mukatukula phazi mwautembenuza. Posema mthiko, chipande kapena mpini, njirayi imafulumira kuposa vayisi.

Sikuluwu yakunsi. Pa chiboliboli choimirira, mangani tsinde lake pa kathabwa ndi masikuluwu ochokera kunsi, kathabwako n'kukapana patebulo ndi makalampu. Siyani tsinde lotalikirapo kuti mudzadule pamene panalowa masikuluwu.

Guluu ndi pepala. Kanthu kopyapyala kosalola sikuluwu kamateni pakathabwa, mutaika nyuzipepala pakati. Mukatha, pisani mpeni wobuntha pamzerewo. Pepala limang'ambika, ntchito yanu n'kutuluka yosaonongeka.

Katsamiro kamchenga. Dulani mwendo wa jinzi yakale, sokani mbali imodzi, thiranimo mchenga wouma osadzaza kwambiri, sokani inayo. Chinthu chobulungira monga mbale kapena mutu wa chiboliboli chimakhazikika bwino pamenepo.

Vayisi. Mukaipeza, imangeni ndi mabawuti pathabwa lochindikala, thabwalo muzilipana patebulo pofunika pokha. M'kamwa mwake ikanimo timatabwa kapena chikopa kuti mano achitsulo asadinde ntchito yanu.

Njira iliyonse imene mwasankha, lamulo ndi limodzi: dzanja lina likankhe, lina liwongolere, onse awiri ali kumbuyo kwa kuthwa. Mukaona kuti mwayamba kugwira mtengo ndi dzanja, imani, panani bwino, kenako pitirizani.

PHOKOSO NDI ANEBA

Lamulo la Noise Act la 1996 limati usiku ndi kuyambira 11 koloko mpaka 7 koloko m'mawa. Koma musaganize kuti masana onse ndi anu: pansi pa lamulo la Environmental Protection Act la 1990, khonsolo ikhoza kukulemberani kalata yoletsa phokoso losowetsa mtendere nthawi ina iliyonse.

Nkhani isafike kumeneko. Pitani kwa aneba apansi ndi am'mbali, apatseni moni, auzeni zimene mukufuna kumachita, afunseni maola amene iwo sakhala pakhomo kapena amene mwana sagona. Ntchito yogoba ndi nyundo muziigwira maola amenewo. Madzulo muzisalaza ndi manja okha, zimene sizimveka n'komwe kuseri kwa khoma. Pomenya, sendezani mtengo pamwamba penipeni pa mwendo wa tebulo, osati pakati. Nyundo yokutidwa labala imalira pang'ono kuposa yamtengo. Siyani kampata pakati pa tebulo ndi khoma kuti kugunda kusayende m'khomamo.

FUMBI, MABALA, MOTO NDI ANA

Bungwe loona za chitetezo pantchito la Health and Safety Executive limachenjeza kuti fumbi lamatabwa limayambitsa mphumu, ndipo la mitengo yolimba likhoza kuyambitsa khansa ya m'mphuno. Tchizulo yakuthwa imatulutsa zibenthu, zimene sizivuta. Fumbi limachokera ku sandipepa ndi makina. Kwecherani panja kapena pawindo lotsekula mutavala chophimba mphuno cha FFP3. Kansalu wamba sikatchinga fumbi losalala. Poyeretsa gwiritsani ntchito makina opopa fumbi kapena nsalu yonyowa, chifukwa tsache limangoliulutsa. Musaseme m'chipinda chogona ana.

Chitsulo chobuntha ndicho chimavulaza, chifukwa chimafuna mphamvu kenako n'kupulumuka. Nolani pafupipafupi. Tchizulo ikagwa, isiyeni igwe, osaiwakha, ndipo musaseme mutavala masilipasi. Pafupi ndi tebulo pakhale mabandeji ndi mapulasitala. Mukatemeka, tsindirani pabala ndi nsalu yoyera, kwezani dzanja m'mwamba. Magazi akakana kuleka kapena akamathovoka, imbani 999. Bala likakhala lakuya, chala chikachita dzanzi, kapena ngati simukukumbukira za katemera wa kafumbata, imbani 111.

Nsanza zopakira mafuta a linseed kapena a Danish zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja zotambasula mpaka ziume gwa, kapena zivikeni m'chitini chamadzi chotseka.

Zotsala za plywood, za MDF, matabwa opaka penti ndi omwetsedwa mankhwala musawotche, ngakhale pa mbaula yowotchera nyama. Chichitikireni chifunga chautsi cha mu December 1952, chimene chinapha anthu zikwizikwi mumzinda uno, ndi lamulo la Clean Air Act la 1956 limene linatsatira, madera ambiri a London ali ndi malamulo oletsa utsi wa m'machumuni. Zotsalazo pitani nazo kumalo olandirira zinyalala a khonsolo yanu. Kuzisiya pakona pamsewu ndi mlandu wolipitsa.

Zida zakuthwa zizikhala m'bokosi lokiya. Mwana wofuna kuphunzira ayambire pa sopo ndi kamtengo kosongola, ndipo akadzafika pa mpeni, wamkulu akhale pambali pake.

MITENGO YOSEMA KUNO

Mtengo wa osema a ku England ndi lime: wofewa, woyera, wosavuta kudula mbali iliyonse, ndiponso wosunga timizere ting'onoting'ono. Ndi umene ankakonda Grinling Gibbons, amene anabadwira ku Rotterdam mu 1648 n'kumwalira ku London mu 1721. John Evelyn anamupeza akusema m'kanyumba ku Deptford mu 1671 n'kukamudziwitsa kwa mfumu Charles II. Pitani mukaone maluwa ndi zipatso zimene anasema kuguwa la tchalitchi cha St James's ku Piccadilly, mipando ya kwaya ku St Paul's Cathedral, ndi ntchito zake ku Hampton Court Palace. Ku Victoria and Albert Museum, kumene polowa salipiritsa, amasunga nsalu yam'khosi yamalesi imene iye anaisema pamtengo wa lime.

Pa ziwiya zakukhitchini sankhani sycamore, beech, birch kapena cherry. Yew ndi laburnum ndi yapoizoni, musasemere chodyera. Oak ndi wolimba komanso wokongola, koma si woyambira.

Mitengo ya m'mapaki ndi m'misewu ili ndi eni ake, ndipo ina, ngakhale ili pabwalo la munthu, ndi yotetezedwa ndi khonsolo. Osadula nthambi. M'malo mwake, mukaona amisiri osadza mitengo ali pantchito, apempheni kachipika. Kawirikawiri amapereka mosavuta. Mtengo wauwisi umasemeka mofewa koma umang'aluka pouma. Uwazeni pakati kuchotsa mtima, pakani guluu kunsonga, usungeni pozizira kutali ndi hita.

Ambiri timalakalaka phingo, mlombwa, mbawa ndi mkungudza wa ku Mulanje, koma mitengo imeneyi yatha m'nkhalango zambiri ndipo tsopano ili pa mndandanda wa pangano la CITES: phingo kuyambira 2017, mkungudza wa ku Mulanje 2019, mlombwa ndi mbawa 2023. Kubweretsa zipika kapena matabwa ake kumafuna ziphaso, zimene kuno zimaperekedwa ndi Animal and Plant Health Agency. Musatume m'bale wobwera kudzacheza kuti aike chipika m'sutikesi. Chikhoza kulandidwa pabwalo la ndege, iye n'kulowa m'mavuto.

KUYENDA NDI ZIDA NDI KUGULITSA

Gawo 139 la lamulo la Criminal Justice Act la 1988 limaletsa kuyenda pagulu ndi chinthu chakuthwa kapena chosongoka popanda chifukwa chomveka. Chololedwa ndi kampeni kopinda, kosakiya, kosapitirira mainchesi atatu. Mpeni wosemera, tchizulo ndi kasemasema zikhoza kukugwetsani m'lamuloli. Popita kokaphunzira, zikulungeni m'nsalu yake, ziikeni pansi pachikwama, pitani ndi kubwerako molunjika, ndipo musazisiye m'thumba la jekete kapena m'galimoto. Achinyamata auzidwe zimenezi momveka bwino.

Mukayamba kugulitsa pa zikondwerero za 6 July, kutchalitchi kapena pa intaneti, ndalama zolowa zikapitirira mapaundi 1,000 pachaka cha msonkho muyenera kulembetsa ku HMRC. Amene ali pa viza ya ophunzira saloledwa kuchita bizinesi yawoyawo, ndiye onani kaye zimene viza yanu imalola.

KOPHUNZIRIRA

Kwathu, KuNgoni Centre of Culture and Art ku Mua, imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, yaphunzitsa osema ambiri. Kuno, City & Guilds of London Art School ku Kennington imaphunzitsa kusema mitengo ndi miyala. Amene alibiretu malo pakhomo afufuze magulu a Men's Sheds, kumene anthu amasonkhana kugwira ntchito zamanja pamatebulo ndi zida zogawana. Ambiri mwa maguluwa amalandiranso amayi.

KUSAMALA TEBULO NDI NTCHITO YOYAMBA

Pakatha mwezi umodzi mangitsaninso manati onse, ndipo muzitero chaka chilichonse nyengo yoyatsa hita ikayamba, chifukwa matabwa amanyala. M'shedi yachinyezi zitsulo zimachita dzimbiri msanga. Zipukuteni ndi kansalu kamafuta mukaweruka, ndipo m'miyezi yachisanu zisungeni m'nyumba. Podula mpaka kutulukira kunsi, yalani kathabwa kotha ntchito. Pamwamba pakakumbika kwambiri, kwechani n'kumatapo plywood ina yopyapyala.

Posamuka, tsitsani mchenga, chotsani shelefu ndi chidutswa chakumbuyo, masulani pamwamba ndi chopingasa chapakati, kenako mabawuti. Lembani manambala pamfundo iliyonse musanamasule, ndipo zitsulo zonse muike m'thumba limodzi lomangirira kumwendo.

Ntchito yoyamba ikhale yaing'ono komanso yofunika pakhomo. Mthiko umaphunzitsa kutsata mitsempha ya mtengo, chipande chimaphunzitsa kugoba. Bawo, ndi maenje ake 32 oyenera kufanana kukula ndi kuzama, lidikire mpaka mutadziwa kunola tchizulo yanu kuti izidula lime mopingasa popanda kunyotsola.